Fodya wa Mmisiri Ali Pamphuno, Wanu Ali Pachala

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Iwo ankanena za fodya wofwenkha uja, koma sindikhulupirira kuti alipo amene adaumvetsa mwambiwu kuposa amisiri okonza nyumba a kuno ku Ludzi.

Nyengo yake imadziwika. Fodya wagulitsidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza mavenda atenga, kandalama kali m'thumba. Mukayang'ana nyumba mukuona khoma lang'aluka, khonde lakumbika, ndipo denga ndi lija dzinja lathali limaitanitsa mabeseni onse kuchipinda. Mwaitana mmisiri. Wafika pensulo ili kukhutu, n'kuzungulira nyumba akupukusa mutu. "Bwana, adakumangirani ndani? Adakuberanitu apa." Musakhumudwe. Mawuwa amanena pa nyumba iliyonse, ngakhale imene adamanga yekha.

Kenaka mtengo. "Kantchito kochepa aka, masabata awiri basi. Mungondigwiriza kaadivansi." Apa mmisiri akutsata mwambi. Akudziwa kuti ndalama ikadali m'thumba mwanu ndi fodya wapachala: mawa kugwa zovuta, mkuja mwana abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kenako feteleza. Ndipo tisamunamizire, adapsapo. Alipo eni nyumba ambiri amene adamulonjeza kuti amumalizira akagulitsa soya, osatchula soya wa chaka chiti.

Tsono mukangomutumizira pa Mpamba kapena Airtel Money, fodya wake wafika pamphuno, ndipo wotsala pachala ndi nyumba yanu. Tsiku loyamba amagwira ntchito yoti mpaka anthu odutsa aime. Asasula denga lonse, agumula khonde, azula chitseko. Musayese changu. Iye akudziwa kuti munthu wogona moyang'ana nyenyezi sathamangitsa mmisiri, amachita kumunyengerera.

M'mawa mwake, zii. Mukaimba foni: "Ndili pa Kamwendo pompa, bwana, ndikudikira kabaza." Kabaza ameneyu amatenga sabata. Mukaimbanso, kwagwa maliro a malume, ndipo mukawerenga bwino mupeza kuti munthuyu ali ndi amalume ochuluka kuposa mudzi wonse. Zoona zake n'zakuti miyezi yopanda mvula ndi yochepa, aliyense akufuna kumanga nthawi imodzi, ndiye iye adalandiranso adivansi ku Boma, ina kutsidya kwa malire cha ku Chipata, kumene amalipidwa ndi kwacha ya ku Zambia. Kumenekonso adasasula madenga.

Pamene mukumudikira, mitengo ya zipangizo siikudikira. Amene adali pakati pa ntchito mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akukumbukira momwe ndalama yogulira malata idasandukira yogulira misomali. Simenti nayo, kaya ndi ya Shayona ya ku Kasungu kaya ya Dangote yolowera pa Mwami, ili ndi khalidwe limodzi ikagona m'manja mwa mmisiri: imayenda usiku. Mudagula matumba 20, pakhoma pakuoneka ntchito ya matumba 12, kwinako mchenga wokhawokha. Mukakanda pulasitala ndi chala, imayoyoka. Mukafunsa, yankho lilipo kale: "Mchenga wa kunoku ndi wovuta, bwana."

Makontirakitala akuluakulu amalembetsa ku bungwe la boma loyang'anira za zomangamanga. Mmisiri wathuyu satifiketi yake ndi nyumba zimene adamanga, choncho pitani mukaione satifiketiyo. Musafunse bambo wa pakhomopo, chifukwa amuna sitivomera kuti tidapusitsidwa. Funsani mayi, akuuzani miyezi imene adaphika pamtetete.

Mwambiwu suli wa mmisiri yekha, inunso ndi wanu. Simenti gulani nokha, muitsekere, makiyi akhale m'thumba mwanu, ndipo matumba otha muziwawerenga madzulo. Malipiro agaweni: akatha khoma, yakhoma, akakhoma malata, yadenga. Zimene mwagwirizana zilembeni m'kope pamaso pa mboni, ngakhale mmisiriyo akhale mlamu wanu, makamaka akakhala mlamu wanu. Akatha gawo lake mulipireni tsiku lomwelo, osayamba nkhani za soya.

Koma denga lokha, chonde, asalikhudze mpaka malata atsopano, mitengo ndi misomali zitafika pabwalo, inu mutaziwerenga.