Ndinaphunzitsa buku lomwe sindinalimalize

Ana a Folomu 4 a m'mudzi mwathu, kufupi ndi msika wa Nsanama, anandipempha kuti ndiziwathandiza madzulo pa buku la The Pearl, lomwe John Steinbeck anatulutsa mu 1947. Ndinakalibwereka kwa mnzanga ku Liwonde. Pobwerera mvula inandipeza panjira, jumbo n'kubooka, masamba akumapeto n'kumatana osawerengeka. Mwa mitu 6 ya bukulo ndinatsala ndi itatu. Manyazi anandiletsa kuulula, ndiye ndinangoyamba kuphunzitsa.

Za chinkhanira ndinalongosola bwino: chimatsika pachingwe n'kuluma khanda Coyotito, kusonyeza tsoka lolowa m'banja mosaitanidwa. Koma pa ngale yomwe Kino, bambo wa khandalo, amaipeza m'nyanja ndinawasocheretsa. Ndinawalembetsa m'makope kuti ngaleyo ndi chiyembekezo basi, pakuti Kino poiyang'ana amaonamo ukwati wa m'tchalitchi, mfuti, ndi mwana wake ali pasukulu.

Mtsikana wina, mwana wa msodzi wa ku Nyanja ya Chilwa, anali atamaliza bukulo kwa azakhali ake. Anakweza dzanja nati: "Aphunzitsi, nanga aja anaboola bwato la Kino ankafuna chiyani? Bambo amati woboola bwato wapha banja lonse." Ndinangoti kakasi. Sindinkadziwa n'komwe kuti bwatolo, cholowa cha agogo a Kino, linabooledwa.

Nditapeza buku lathunthu, ndinaliwerenga usiku womwewo misozi ili m'maso. Ogula ngale amangotchula mapeso 1,000 pomwe Kino ankayembekezera 50,000. Nyumba yake imatenthedwa. Mfuti yomwe ankailakalaka amabwera nayodi kumudzi, koma ndi yomweyo yapha Coyotito, ndipo mkazi wake Juana wanyamula mtembo. Kino akayang'ananso m'ngalemo amaona imfa ya mwana wake, n'kuiponyanso m'nyanja. Chinthu chimodzi chomwecho chimayamba ngati dalitso, n'kutha ngati temberero, chifukwa cha umbombo wa anthu ochizungulira.

M'mawa mwake ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa makolo, kenako tinakhala pansi ndi anawo kufufuta zomwe ndinawalembetsa. Chimandipwetekabe n'chakuti mnyamata mmodzi anali atalemba kale yankho langalo pa mayeso a kusukulu, n'kulephera funsolo.

Inu amene mukuthandiza ana a MSCE, chizindikiro m'buku chitsateni paliponse pomwe chatulukira kufikira tsamba lomaliza musanatchule tanthauzo lake. Ndipo buku likakuonongekerani, auzeni anawo tsiku lomwelo.