Ulemu upite kwa bowo la pakhoma

Anthu amatama Wi-Fi kuti ndi intaneti yopanda mawaya, osathokoza bowo lobisika kuseri kwa kabati ya pabalaza. Khoma la njerwa zootcha limafooketsa Wi-Fi, choncho mtolo weniweni amasenza ndi waya. Ethernet, luso limene Robert Metcalfe ndi anzake anayambitsa ku Xerox PARC mu 1973, imayenda mamita 100 pa waya mmodzi osapuma, koma khoma lokha limaigonjetsa. Starlink nayo, yomwe inafika m'Malawi mu 2023, imacheza ndi masetilaiti ali makilomita pafupifupi 550 m'mwamba. Ikatsikira pakhoma, imagwada n'kupempha bowo.

Kupatsa kwa bowoli n'kosasimbika. Mmisiri amaliboola lotakasuka kuti kamutu ka waya ka RJ45 kadutse, ndiye pamatsala malo a alendo. Nyerere zimalowa pamzere, mphemvu usiku, nalimata nthawi iliyonse. Kakhoswe kakang'ono kamangofuna mpata wonenepa ngati pensulo. M'dzinja, ngati bowolo linapendekera m'kati, madzi amvula amatsata waya mpaka kudzasupula penti wa pabalaza. Palibe amene amafunsidwa chiphaso.

Bowoli ndi mlembinso wokhulupirika. Bowo la foni yapansi, la mbale ya DStv, la rauta: aliyense amene anachitapo lendi m'nyumbamo anasiya siginecha yake, ndipo landilodi amaiwerenga mofuula tsiku losamuka.

Tsoka ilo, adani a bowoli ndi akhama. Amaboola mopendekera kunja. Amalendewetsa waya pansi pa bowo asanamulowetse, kuti madontho azigwera pabwalo. Mpata wotsala amaufwinyamo waya wotsukira mapoto, amene khoswe amamulephera, n'kumata silikoni pamwamba. M'kati amavundikira ndi kachivindikiro kapulasitiki kokhala ndi soketi, wayayo n'kumutsekera m'ngalande yoyera yotsata khoma. Bowo lopuma pantchito ndiye salimvera chisoni: amalipukuta fumbi, kulinyowetsa kuti matope agwire, kulidzaza Polyfilla kapena simenti yosakaniza ndi mchenga, kawiri ngati ndi lakuya, kenako sandipepala ndi penti.

Koma bowo siligonja msanga. Penti watsopano safanana ndi wakale, motero chigamba chake chimaonekera mlendo akangokhala pampando. Posakhalitsa mayi a m'nyumba amalamula kuti TV isamukire kukhoma linalo, waya n'kuperewera mamita awiri, bambo n'kuyamba kusakasaka nambala ya mmisiri.