Kamakina ka Shuga Si Kokongoletsera Kabati, Amalume

Okondedwa amalume,

Uthenga woti kuchipatala cha ku Ulongwe akupezani ndi matenda a shuga wandifika kuno ku Joni. M'chikwama chimene chikubwera pa basi ya ku Lilongwe, ija yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete mpaka pa Calomue, muli kamakina koyezera shuga, kabotolo ka timapepala 50, timasingano tobayira chala, kope ndi cholembera. Asuweni anga asakwinye nkhope poona kuti jekete ndi foni mulibe. Ulendo uno katundu yense ndi wa magazi a amalume.

Mawu anga ndi amodzi. Kamakinaka kadzakuthandizani pokhapokha muziyeza pa nthawi zoikika, n'kumalemba zimene mwapeza. Ndikudziwa muyankha kuti thupi lanu mumalimva nokha, ndipo munthu amene amalimabe mizere kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa paliwombo sangakhale wodwala. Koma amalume, shuga sagogoda pakhomo. Amatha kukwera kwa zaka munthu akuseka pa bawo, uku akuwononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Ludzu losatha ndi kudzukadzuka usiku kukataya madzi zikamayamba, amakhala atakwera kale kwambiri. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique anapeza kuti mu 2005 akuluakulu pafupifupi 3 pa 100 aliwonse anali ndi shuga, pofika 2015 anali 7, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Nawonso ankati thupi amalimva okha. Inu wogula kachewere akabwera, simumulola kungoyang'ana thumba n'kutchula mtengo. Mumati abwere ndi ndowa muyeze. Nanga magazi anu okha ndiye muziwayeza ndi maso?

Manambala ake si ovuta. M'mawa musanalawe kanthu, kamakina kaonetse pakati pa 4 ndi 7. Pakatha maola awiri chiyambireni kudya, kasafike pa 10. Adokotala akakupatsani malire ena poona msinkhu wanu, tsatirani awo, popeza ine ya udokotala sindinaipite. Kakatsika kupitirira pa 4, mwina mukunjenjemera, thukuta lili kamukamu, njala yakugwirani mwadzidzidzi, sungunulani masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi kapena imwani theka la kapu ya Frozy, muyezenso pakatha mphindi 15. Nthawi yokhayo ndi imene Frozy ali mankhwala, choncho musayambe kunjenjemera dala tsiku la msika. Chinanso, makina ogulidwa kuno amawerenga mwa mmol/L, pamene ena amawerenga mwa mg/dL. Anamwino akakuuzani kuti muli pa 126, musaitanitse abale kuti mugawe munda. Gawani nambalayo ndi 18, mupeza 7 yemwe uja.

Dandaulo la ndalama lokha ndiye ndikuligwadira. Kamakina n'kogula kamodzi, koma timapepala timatha, kalikonse kamagwira ntchito kamodzi basi, ndipo ta kampani ina sitilowa m'makina a kampani ina. Ngakhale madokotala amavomereza kuti munthu amene akumwa mapilitsi a metformin okha sapindula kwenikweni ndi kudzibaya katatu tsiku lililonse, makamaka ngati nambalayo amangoiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kukhalanso pa mbale yomweyo. Kuyeza kangapo patsiku n'kwa amene akubaya insulin. Inu sankhani masiku awiri pa sabata, muyeze musanadye ndiponso patatha maola awiri. Ndi timapepala tinayi pa sabata, ndipo kabotolo kamodzi kakufikitsani pafupi miyezi itatu. Phindu lili m'kope. Lachiwiri mulembe kuti mitanda inayi ya nsima ya ufa woyera, nambala yakuti. Lachisanu, mitanda iwiri ya mgaiwa ndi nyemba ndi mpiru wambiri, nambala yakuti. Tsiku lina thobwa lothira shuga, tsiku lina kachewere wokazinga, tsiku lina mwayenda wapansi mutatha kudya. Ikamatha miyezi iwiri mudzakhala mukudziwa chimene chimakweza shuga wanu, inuyo osati wa pawailesi, ndipo mkangano wa mtanda wachitatu ndi amayi akunyumbako udzagamulidwa ndi umboni wolembedwa ndi dzanja lanu lomwe.

Chimene chingathetse timapepalato pa sabata imodzi ndi mtima wanu wabwinowo. Mbiri ikangomveka kuti kwa amalume kwafika makina a ku Joni, pakhonde padzadzaza: anyakwawa, akumpingo, ngakhale mnyamata wa kabaza, aliyense chala chili m'mwamba. Akanizeni mwaulemu, muwalozere kuchipatala. Nkhani si kuumira ayi. Singano imodzi ikamayenda pa zala zambiri imatha kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Mudzanenanso tsiku lina kuti kamakina kakunama. Nthawi zambiri wonama ndi chala. Mukasenda pichesi kapena kutafuna nzimbe, n'kubaya osasamba, mukuyeza chipatso, osati magazi. Sambani ndi sopo, pukutani manja aume. M'miyezi ya June ndi July, mphepo ya ku Domwe ikaumitsa zala, magazi amakana kutuluka. Madzi ofunda ndi kugwedeza mkono zimathandiza kuposa kufinya chala mwaukali. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, pamene sipapweteka kwambiri, ndipo muzisinthasintha zala. Kabotolo kazikhala kotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi, ndipo tsiku lothera ntchito lalembedwa pambali pake.

Ena adzabwera ndi mizu yowawa, ena ndi madzi opempherera, onse akulonjeza kuti shuga atha psiti. Pemphero ine sindilikana. Koma mapilitsi musasiye, ndipo musawonjezere kapena kuchepetsa nokha chifukwa cha nambala ya tsiku limodzi. Nambala imodzi yokwera pambuyo pa ukwati si imfa. Zikakhala zokwera masiku otsatizana, kapena mukusanza, mukufooka, kapena bala la kuphazi likukana kupola, pitani ku Ulongwe tsiku lomwelo, osadikira deti la pakhadi. Kope lija lizipita nanu nthawi zonse, chifukwa adokotala amaona magazi a m'mawa umodzi, pamene kopelo limawaonetsa miyezi yonse.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse mwana mmodzi ajambule tsamba la kopelo anditumizire pa WhatsApp. Timapepala tikatsala khumi mundiuze msanga, basi siuluka. Tsamba likabwera loyera, nanenso chikwama cha Khirisimasi chidzabwera chopepuka. Mupereke moni kwa amayi ndi ana onse.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni