M'nyumba ya Mwini Saotcheramo Mbewa: Za Nyumba Zapamwamba za ku Mzuzu

Mwambi wakuti "m'nyumba ya mwini saotcheramo mbewa" unali chenjezo la makolo kwa munthu wokhala pakhomo pa eni ake, lomukumbutsa kuti mlendo, ngakhale atalandiridwa ndi manja awiri, sangachite zonse zimene mtima wake wafuna, popeza fungo la mbewa yowauka limakanirira kudenga ndi m'zofunda, ndipo ufulu wonunkhitsa nyumba uli ndi mwini wake yekha. Mwambiwu unkadziwa anthu awiri okha, mlendo womangika ndi mwini womasuka, ndipo cholinga chake chinali choti womangikayo achite manyazi n'kukamanga yake. Chimene makolowo sanachiganizire n'chakuti idzafika nthawi imene munthu adzamvera malangizowo, n'kumanga chinyumba cha zipinda zisanu ku Chimaliro kapena ku Kaning'ina mumzinda wa Mzuzu, kenaka n'kupezeka kuti iyenso saloledwa kuotchamo kanthu, ngakhale chimanga chachiwisi chomwe.

Mzuzu ndi mzinda wa dzanadzanali, popeza unayamba cha m'ma 1947 ngati likulu la minda ya mitengo ya tung, imene njere zake zimatulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi, ndipo unalandira ulemu wotchedwa mzinda mu 1985; kalembera wa 2018 anapezamo anthu 221,272. Malowa ali pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, mvula yake imachedwa kuleka, ndipo chisanu cha mu Juni ndi Julayi sichiona nkhope. Amene anamanga nyumba zakale za boma ankaiopa nyengoyi, n'chifukwa chake ankaika denga lotsetsereka kwambiri, khonde lalikulu ndi malo osonkhapo moto pabalaza okhala ndi chumuni chotulutsira utsi. Omanga a lero saopa mitambo koma aneba, ndipo pulani ya nyumba saitenga kwa nyengo, amaitenga pafoni, pa zithunzi za nyumba za ku Dubai ndi ku Sandton zimene zimayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Chitsanzo choonekera kumsewu ndi denga lobisika, lomwe ndi kamangidwe koika malata mopendekeka pang'ono chabe n'kuwabisa kuseri kwa khoma lokwezedwa, kuti wodutsa aone nyumba yosalala pamwamba ngati ya kuchipululu. Madzi onse a padengalo amathira m'ngalande ya simenti imene ili kuseri kwa khomalo, ndipo masamba akatseka ngalandeyo, kapena mmisiri akaumira simenti pomanga, madziwo amafuna njira ina, ndipo njira imene amaipeza ndi siling'i ya gypsum, mabolodi oyera opangidwa ndi mwala wofewa amene amafufuma akanyowa. Mumzinda umene mvula ya mu Epulo 2016 inagwetsa nyumba zambiri ndi kusiya mabanja ochuluka pamtetete, kusankha denga la dziko lopanda mvula ndi kulimba mtima kofunika kukulembera buku lakelake. Zotsatira zake zimaoneka mu Malichi, pamene pansi pa nyali yolendewera ya magalasi ambirimbiri pamandandalikidwa mabeseni ndi zidebe, ndipo mlendo amapemphedwa mwaulemu kuti asunthire kumpando wina.

Mlendoyo akafika pakhomo amavula nsapato, ndipo zimenezi si zachilendo, koma chachilendo n'chakuti bambo wa nyumbayo nayenso amavula, pambuyo poyang'ana uku ndi uku ngati mayi akuwaona. Pansi pamakhala matailosi oyera onyezimira, amene dothi lofiira la ku Mzuzu limalembapo phazi lililonse, ndipo m'mwezi wa Juni amazizira kotero kuti mwini nyumba amayenda ndi masokosi awiriawiri, atavala jekete, akudutsa pafupi ndi makina oziziritsira mpweya amene anawagula chifukwa analipo pachithunzi. Mabalaza amakhala awiri, lina la banja ndi lina la alendo olemekezeka, ndipo m'lachiwirili muli mipando ya sofa yoyera imene ana amaidziwa poiona pazenera basi, chifukwa alendo oyenera kukhalapo amabwera mwina kawiri pachaka. Za dziwe losambiramo, limene ena amakumba kuseri, palibe zambiri zonena, kupatula kuti achule a mumzindawu sanadandaulepo.

Koma pamene mwambi uja wagwira nkhani pakhosi ndi kukhitchini. Kamangidwe kamakono kamafuna khitchini yotseguka, kutanthauza kuti pakati pa ophika ndi okhala pabalaza palibe khoma, ndipo pakati pa chipindacho pamaima tebulo lomangidwa la mwala wosalala limene amisiri amalitcha island. Amene anayambitsa kamangidweka ankaganiza za anthu odula tchizi ndi kuthira vinyo uku akucheza, osati za banja limene ndiwo zake ndi usipa wa ku Nkhata Bay, umene ukangogwa m'mafuta fungo lake limafika ku makatani, kumipando yoyera ija mpaka kuchipinda cha makolo, n'kukhalako masiku angapo osalipira lendi. Nyemba nazo zimafuna maola ambiri pamoto, ndipo palibe mayi wanzeru amene angaziphike pa kuka ya magetsi uku akumva mita ikumeza mayunitsi. Nanga kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa imene povundula pamafunika mphamvu za mapewa onse ndiponso mphika wopanidwa bwino pansi, angaphikidwe bwanji pa chitofu chagalasi chimene malangizo ake amaletsa ngakhale kukhwekhwereza poto?

Choncho kuseri kwa nyumba iliyonse yotere kumabadwa khitchini yachiwiri, kashedi ka malata otsala pomanga, kamene sikapezeka pa pulani yovomerezedwa ndi khonsolo koma ndi kamene kamadyetsa banja. Mmenemo muli mbaula, thumba la makala, mapoto akuda ndi mpando wachikumba, ndipo kufunika kwake kunaonekera poyera mu 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, mwakuti kwa nthawi yopitirira chaka magetsi ankabwera ngati wachibale wopempha, mosadziwitsa ndiponso usiku. Madzulo a chisanu banja lonse limasamukira kumeneko, bwana ndi mlonda n'kumaotha mbaula imodzi, pamene zipinda za mamiliyoni zili zii mumdima. Si bwino kuwaseka kwambiri anthuwa, chifukwa khomo la Chimalawi kuyambira kale linkalekanitsa nyumba yogona ndi yophikira, ndipo chimene banjali lachita ndi kubwerera ku nzeru yakale. Wolakwa ndi wojambula pulani, amene anaononga ndalama zambiri pa khitchini yojambulirapo zithunzi n'kusiya yeniyeniyo kuti imangidwe ndi zotsalira.

Funso lakuti mwini nyumbayo ndani kwenikweni nalonso silophweka. Malo ambiri a m'madera olinganizidwa bwino ndi a boma, ndipo womanga amapatsidwa lizi, chilolezo chobwereka malowo, kawirikawiri kwa zaka 99, chimene amalipirira chaka ndi chaka, kuwonjezera pa msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo ya mzinda. Ngati anamangira ngongole, chikalata cha malowo chimagona kubanki, ndipo banki ndi mwini wosakonda phokoso amene salowa m'nyumba koma amakumbukira tsiku lililonse lomaliza la mwezi. Zipangizo zambiri zokongoletsera, monga matailosi, mabafa ndi nyali, zimachokera kunja, zina kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, kotero kuti pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyumba zambiri zinaima pamene zinafika, zitsulo zitaloza kumwamba kudikira chipinda chapamwamba chimene chilipo pa pepala pokha. Ena amene anakwanitsa kumaliza anapeza njira yobwezera ngongoleyo, yomwe ndi kubwereketsa nyumba yaikuluyo ku bungwe lina, iwo n'kusamukira ku boys' quarters, kanyumba ka antchito ka kuseri, kumene tsopano amagogoda kaye asanadutse pakhonde limene anamanga okha.

Gulu lomaliza ndi la eni nyumba okhala kunja, makamaka ku Joni, kumene anthu a ku Mzimba ndi maboma ena a kumpoto akhala akupita kukagwira ntchito kuyambira nthawi ya Wenela ndi TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi. Amenewa amamanga potumiza ndalama, amayendera ntchito pa vidiyo ya WhatsApp, ndipo nyumba ikatha amaisiya m'manja mwa mlonda kapena mphwawo, amene amadziwa kiyi wa chitseko chilichonse, pampu imene imadontha ndi ngodya imene netiweki imagwira bwino, ndiponso amene m'kupita kwa nthawi amaona kuti kapinga sadyedwa n'kudzalapo mpiru. Mwiniyo akabwera mu Disembala kudzakhala masabata awiri, amaimirira pageti kudikira kuti amutsegulire, galu wa pakhomopo amamuuwa, ndipo mlonda, atamulonjera mwaulemu wonse kuti "Mwafika, bwana," amamusonyeza poyatsira magetsi, amamuuza chimbudzi chimene sichikugwira ntchito, kenaka amamupempha kuti masutikesi awanyamule m'manja chifukwa mateyala ake amakanda matailosi.