Malangizo kwa Ofuna Kukanidwa Kusukulu ya Zoyimba

Kukanidwa kusukulu yaukachenjede ya zoyimba sikubwera kokha. Mnyamata kapena mtsikana amene wakulira m'kwaya, amene amagwira alto atangoimva nyimbo kawiri, amene amadziwa kuti wa bezi waphonya asanacheuke n'komwe, ameneyo ali pangozi yaikulu yotengedwa. Akachita chibwana adzapezeka ali ku Berklee College of Music, mumzinda wa Boston ku America, m'mwezi wa Januwale, zala zitauma ndi chisanu, akusakasaka fizi yopitirira madola 40,000 pachaka. Ndiye tiyeni tithandizane. Kulephera kwadongosolo kumafuna kukonzekera, ndipo kumayamba miyezi ingapo tsiku la odishoni lisanafike.

Poyamba penipeni, musawerenge zimene sukulu yalemba kuti ikufuna. Sukulu iliyonse imalemba zonse poyera, ndipo zimasiyana kwambiri. Ku Juilliard, mumzinda wa New York, woyimba piyano amafunika kubwera ndi prelude ndi fugue ya Bach, sonata yathunthu ya munthu ngati Mozart kapena Beethoven, ndi zina pamwamba, zonsezo zili pamtima. Ku Berklee amakuuzani kuti sankhani nokha nyimbo imodzi ya mtundu uliwonse, yosapitirira mphindi zisanu, kenako amakuyesani kupeka pompopompo, kuwerenga manotsi ndi khutu. Ku South African College of Music, pa yunivesite ya Cape Town, jazi, opera, nyimbo zachizungu zakale ndi nyimbo zachiafirika zili ndi khomo lakelake. Popeza kusiyana kwake n'kotere, inu konzani phukusi limodzi ndipo mulitumize konseko. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndi limene tikufuna pano. Ngati mtima ukukukakamizani kufunsa, funsani msuweni wanu wa ku Johannesburg amene anadutsapo pageti pa koleji ina ali m'basi.

Masiku otsekera mafomu asakupatseni phuma. Ku Juilliard amatseka pa 1 Disembala. Sukulu zambiri za zoyimba ku Britain zimatseka kumayambiriro kwa Okutobala, pomwe maphunziro ake adzayamba Seputembala wa chaka chinacho. Inu yambani kuganiza za nkhaniyi mu Febuluwale, mukaona kuti mvula yachepa.

Sukulu zambiri zimayamba zapempha vidiyo, kuti zione ngati ndinu woyenera kuitanidwa. Apa mpata wowononga zinthu ndi waukulu, choncho tifatsepo. Sankhani Loweruka masana, m'tchalitchi chamalata chopanda siling'i, nthawi imene amayi akukolopa ndi kukoka mabenchi. Mang'ombe a m'nyumbamo adzameza mawu anu onse otsika. Foni mumupatse mphwanu wa zaka zisanu ndi zinayi, aigwire m'manja, aime pafupi ndi sipika. Iye adzajambula nkhope yanu, nsapato zanu, ndi mbuzi yodutsa pakhomo, koma manja anu pa kiyibodi sadzaoneka, chonsecho aphunzitsi amafuna kuona manjawo kuposa china chilichonse. Pakati pa nyimbo pabwere uthenga pafoni kuti chithunzi chinjenjemere.

Mukatero pitani nayo kusitudiyo. Sukulu zimanena momveka kuti vidiyo ikhale yojambula kamodzi, yosadula ndi yosakonza. Muuzeni pulojusa wanu adule pomwe munaphonya, alumikize ndi chidutswa cha dzulo pamene munavala malaya ena, athire autotune mpaka mawu anu asalale, awonjezere ng'oma zapakompyuta ndi dzina la situdiyo yake likutchulidwa koyambirira. Anthu amene amamvera mavidiyo amenewa ntchito yawo ndi kumvetsera tsiku lonse, ndiye adzazindikira m'masekondi ochepa, ndipo mudzakhala mutawapulumutsira nthawi. Vidiyoyo idutse pa WhatsApp katatu, kuchoka kwa pulojusa kupita kwa mlongo wanu kenako kwa inu, kuti ifike itafwifwa. Pomaliza muiike pa Google Drive n'kuiwala kutsekula chilolezo. Mphunzitsi akadina adzauzidwa kuti apemphe kaye kwa mwiniwake, ndipo pali anthu mazana ena amene akudikira kuti awamvere.

Nyimbo yokayimba ikhale yoposa msinkhu wanu. Ngati pali nyimbo imene mumaiyimba mwaudongo ngakhale akudzutseni pakati pa usiku, isiyeni kunyumba. Tengani ya Whitney Houston, ija yokwera kii chakumapeto, imene mumafika pamwamba pake kamodzi pa maulendo asanu, tsiku limene mwagona bwino. Woyimba gitala asankhe solo yothamanga imene anaiona pa YouTube sabata yatha. Aphunzitsi amamvetsera ngati mawu ali pakii, ngati mukusunga liwiro, ndiponso ngati mukudziwa chimene nyimboyo ikunena. Nyimbo yophweka imaonetsa zonsezi poyera, pamene yovuta imazikwirira pansi pa thukuta ndi mantha.

Chachikulu, bisani chilichonse chakwanu. Mu 1999 yunivesite ya UCLA ku Los Angeles inaitana Donald Kachamba, mwana wa ku Chileka, kuti akaphunzitse ophunzira ake kwela, nyimbo zimene iye ndi mkulu wake Daniel ankayimba ndi gitala ndi kachitoliro. Izi zikusonyeza kuti anthu akunjawa ali ndi chizolowezi choopsa chotchera khutu akamva chinthu chimene sachimva tsiku ndi tsiku. Kuwomba m'manja kwa manganje kapena kagundidwe ka ng'oma za vimbuza, pamene dzanja lina likuyenda patatu lina pawiri, ophunzira akumeneko amakukhalira pansi ndi pensulo, pomwe inu munakuphunzira muli kumbuyo kwa amayi anu. Mukangoyerekeza kuika zimenezi m'nyimbo yanu, adzakukumbukirani madzulo pokambirana. Pitani mukamveke ngati munthu wachikhumi amene wayimba nyimbo yomweyo tsiku limenelo, kungoti ndi Chingerezi chovutirapo.

Tsopano kwa anzanga a kiyibodi, amene ndimawakonda mwapadera. Pa kiyibodi ya kutchalitchi pali kabatani kolembedwa transpose. Kabatani kameneka kalera mabanja. Mumaphunzira makodi atatu kapena anayi m'kii imodzi, ambiri amakonda F sharp chifukwa zala zimakhazikika bwino pa zakuda zija, ndipo mayi wotsogolera nyimbo akayambira kumwamba kapena kunsi, inu mumangodina kawiri katatu mpaka mwamupeza. Zaka khumi zimatha mpingo ukukutchani katswiri. Musasinthe kanthu. Makii alipo 12, koma 11 enawo ndi a anthu opanda chochita. Tsiku la odishoni mudzalowa m'chipinda n'kupeza piyano yeniyeni, yamatabwa ndi nsambo, makiyi 88, olemera pansi pa zala, yopanda waya wamagetsi. Mudzafufuza kabatani kaja kumanja, kumanzere, ngakhale kunsi. Mphunzitsi adzati, mwaulemu ndithu, tayimbaninso zomwezo mu B flat. Pamenepo ntchito yonse ya malangizo ano idzakhala yatheka m'mphindi imodzi, ndipo mukhoza kupempha madzi akumwa.

Masikelo musawayeserere. Ndi otopetsa, ndipo palibe amene anafupidwapo paukwati chifukwa choyimba sikelo.

Za kuwerenga manotsi zimafuna nzeru pang'ono. Ambiri a ife tinakulira pa solofa, do re mi wolembedwa pabolodi ndi choko, ndipo mizere isanu ija yokhala ndi timadontho timangoiona m'mabuku a nyimbo achizungu. Pali mayeso a ABRSM, ochokera ku London, oyambira Giredi 1 mpaka 8, amene amamufikitsa munthu pang'onopang'ono powerenga bwino, atalikireni. Koma dziwani kuti kusawerenga kokha sikokwanira kukukanitsani kusukulu ngati Berklee, chifukwa kuwerenga kumaphunzitsika, ndipo munthu wa khutu labwino amene wanena zoona kuti akuphunzira kumene akhoza kuwagwira mtima. Njira yodalirika ndi bodza. Akakupatsani pepala loti muliyang'aniretu mukudikira nthawi yanu, lipindeni muike m'thumba, muzijambula zithunzi za pa Facebook. Mukalowa nenani kuti mumawerenga kwambiri. Kenako yang'anitsitsani pepalalo, gwedezani mutu, ndipo imbani nyimbo ina iliyonse imene yakubwererani, molimba mtima.

Gawo loopsa kwambiri kwa munthu wakwathu ndi la khutu. Mphunzitsi amayimba timanotsi tingapo kapena kuwomba m'manja, n'kukuuzani kuti mubwereze. Izi ndi zomwe mwakhala mukuchita Lamulungu lililonse ndi pamaliro paliponse, wina kutsogolera ena kuvomera, ndipo mukapanda kusamala mudzakhoza osadziwa. Mankhwala ake ndi kukometsera. Akakupatsani manotsi anayi, bwezani khumi ndi anayi, ndi kunjenjemeretsa mawu kumapeto, maso mutatsinzina. Akakufunsani ngati kodi imene agunda ndi major kapena minor, yankhani kuti ndi yokoma.

Pa kupeka pompopompo, kawirikawiri amakupatsani blues, mabala 12 oyenda pa makodi atatu, mphunzitsi akukuperekezani pa piyano kapena gitala. Chimene akufuna kuona n'chakuti mumamva mnzanu pamene mukuyimba. Ndiye musamumvere. Yambani iye asanamalize kuwerenga, thamangani mpaka mumusiye kumbuyo, musasiye mpata ngakhale wopumira, ndipo iye akamaliza inu pitirizani.

Mukaphonya noti, imani. Nenani kuti pepani, ndiyambirenso. Chitani zimenezi katatu. Woyimba amene amaphonya n'kupitirira ngati palibe chachitika amaoneka wokhwima, ndipo ife sitikufuna zimenezo. Mukhozanso kuiyang'ana piyano mokwiya kuti onse adziwe wolakwa. Aphunzitsi akakudulani pakati pa nyimbo, chomwe akhoza kuchita kwa aliyense chifukwa odishoni ya ku Berklee ndi ya mphindi 15 zokha, auzeni kuti pokoma penipeni ndi kutsogoloku, ndipo yambirani pomwe munalekera.

Amene simungakwanitse ulendo mudzayesedwa pa intaneti, ndipo kumeneko zinthu zimaphweka. Mu Januwale, ikamakwana 10 koloko m'mawa ku Boston, kuno ku Malawi imakhala 5 koloko madzulo. Inu khalani pa kompyuta 10 koloko yakuno, mutavala suti, mudikire ola lathunthu, kenako mukwiye n'kupita kumsika. Ngati mwalakwitsa n'kufika panthawi yake, pali chithandizo china. Pulogalamu ya Zoom inapangidwira anthu olankhula, ndiye imayesa kulira kwa gitala kapena noti yaitali ngati phokoso, n'kuidula. Pali pena pofunika kudina, polembedwa original sound, kuti nyimbo idutse yonse. Musapadine. Aphunzitsi adzaona manja anu akuvutika koma osamva kanthu. Bandulo gulani yaing'ono, laputopu musaitchaje, ndipo musaganizeko zoti magetsi akhoza kuthima.

Ofuna kuphunzira kupeka nyimbo amafunsidwa potifoliyo, kutanthauza nyimbo zawo zingapo zosiyana, zolembedwa m'manotsi, pamodzi ndi mawu ake ojambulidwa. Akati zitatu, tumizani mabiti onse amene ali mu pulogalamu yanu ya FL Studio, ofanana liwiro, ofanana makodi, ena osamaliza. Ngati mwaumirira kulemba manotsi, pulogalamu ya MuseScore ndi yaulere ndipo imaliza chilichonse chimene mwalemba popanda kudandaula. Lembani vayolini itsike kupitirira G wake wotsiriza, kumene kulibenso nsambo. Wa lipenga mumupatse masamba awiri opanda popumira. Wa soprano agwire noti imodzi yapamwamba mpaka akomoke. Kompyuta idzaziyimba bwinobwino, ndipo mphunzitsi adzadziwa patsamba loyamba kuti simunakhalepo pafupi ndi munthu woliza zida zimenezi. Muikemonso nyimbo imene munapeka ndi anzanu atatu, koma dzina likhale lanu lokha.

Makalata okuchitirani umboni apempheni kwa anthu amene sanakumvenipo mukuyimba. Amalume ndi abwino. Abusa nawonso akhoza kulemba masamba awiri ofotokoza kuti simumwa mowa ndipo mumafika msanga kumapemphero. Aphunzitsi anu a kwaya, amene akudziwa kuti munayamba osatha kusunga kii ndipo lero mumaphunzitsa anzanu, musawavutitse.

Ku Berklee, mukamaliza kuyimba pamakhala mphindi zina 15 zocheza nanu. Akakufunsani chifukwa chimene mukufunira sukuluyi, nenani kuti munabadwa ndi luso ndipo kwanu konse amadziwa. Akafunsa oyimba amene mumamvera, nenani kuti aliyense. Akafunsa chimene mukufuna kuphunzira, adziwitseni modzichepetsa kuti kwenikweni mukungofuna pepala, popeza kuyimba mumatha kale. Akakupatsani mpata wofunsa, funsani ngati Quincy Jones amabwera masiku ati. Iye anaphunzirapo pasukuluyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo anamwalira mu Novembala 2024.

Wina anganene kuti nanga kwathu konkuno. Nakonso njira zilipo. Ku yunivesite ya Malawi ku Zomba amaphunzitsa zoyimba, koma khomo lake ndi MSCE ya makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, choncho nthawi ya phunziro la Chingerezi muzikhala kuseri kwa kalasi ndi gitala. Ku Lilongwe, ku Area 23, kuli Music Crossroads Academy, kumene achinyamata amaphunzira zida, manotsi ndi kuyimba pagulu. Kumeneko musapondeko, chifukwa chaka chimodzi chokha chikhoza kukuwonongerani dongosolo lonse lomwe tafotokozali.

Nthawi zina munthu amachita zonsezi mokhulupirika koma aphunzitsi n'kumvabe kanthu kena mwa iye. Zikatero musataye mtima. Yankho limabwera pa imelo, ndiye pafomu lembani imelo imene anakutsekulirani mnyamata wa pakafe ya intaneti zaka zinayi zapitazo, imene pasiwedi yake anapita nayo atasamuka. Ngati kalatayo yakupezanibe, sukulu zambiri za ku America zimafuna kuti muvomere malo anu ndi kulipira kandalama koyamba pofika pa 1 Meyi. Yankhani pa 2.