Mario, Adriano ndi Ndalama ya Saladi

Akatswiri a kunja amati makina a magemu a pa TV ali ndi mibadwo isanu ndi inayi, kuyambira Magnavox Odyssey ya mu 1972 mpaka PlayStation 5 ya mu 2020, ndipo satopa kukangana kuti ndi gemu iti imene inagwedeza dziko pa m'badwo uliwonse. Ife a ku Nakatindi tili ndi muyeso wathu. Gemu yamphamvu ndi imene inadya ndalama zambiri za saladi, mafuta ophikira aja, ndi kukwapulitsa ana ambiri pa komboni. Za kukongola kwa zithunzi azikambirana okha ku Tokyo.

Mibadwo iwiri yoyamba tingoidumpha. Mudala wina atamva kuti mu 1972 kunatuluka Pong, timizere tiwiri tomenyerana kadontho, anangofunsa kuti, "Pa TV ya ndani?" Iye mpira wake unali chimpombwa, ndipo womenyedwa anali iye mwini akabwera kunyumba chala chitang'ambika.

Nkhani yeniyeni ikuyamba ndi Famicom, imene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndi Super Mario Bros. ya mu 1985. Kuno zinafika mochedwa, ndipo sizinali za Nintendo ayi. Zinali zokopera, zotsika mtengo, ndi katiriji yachikasu yolonjeza magemu 9,999,999. Mnyamata wina anakhala tsiku lonse akutsika pamndandanda: Mario, akasinja, abakha, Mario wovala zobiriwira, akasinja, abakha, Mario woyambira pakati. Anabwerera kwa wogulitsa.

"Amalume, magemu enawo ali kuti?"

"Wamaliza amene wapezawo?"

"Ayi."

"Ndiye ukufunsiranji ndiwo za mawa?"

Katiriji ikakana, mankhwala anali kuiuzira ndi pakamwa. Agogo ena ataona adzukulu akupatsana kabokosi, aliyense akuuzira, anati, "Ngati yatentha isiyeni izizire, mupsa lilime."

Panalinso chikhulupiriro chakuti gemu imaononga TV. Bambo akamachokera kuntchito, asanapereke moni, ankayamba agwira kumbuyo kwa TV. Ikakhala yotentha, mlandu watha, mboni sizifunika. Ana anaphunzira kuzimitsa nthawi ikadalipo ndi kuipepeza ndi chivundikiro cha poto, wina ali pamsewu kuyang'ana njinga ya bambo.

Akatswiri amasankha Mario pa m'badwo umenewu, koma ine ndikupereka chikho kwa Duck Hunt, chifukwa ndi yokhayo imene inagwira azibambo. Bambo wina, amene ankadzitama kuti anali mlenje ku Mulobezi, analanda mfuti ya pulasitiki kwa mwana wake kuti amuonetse kuombera. Anaphonya. Galu wa mu gemuyo anadzuka m'udzu n'kuseka. Anaphonyanso, galu n'kusekanso. Anasendera mpaka mfuti inagunda galasi la TV, koma bakha anauluka ndithu.

"Galu wa ndani ameneyu?"

"Ndi wanu, atate. Mumasaka naye."

"Galu wanga sangandiseke pakhomo panga. Zimitsa."

Usiku ana atagona, amayi anamva kulira kwa abakha pabalaza, mawu atatsitsidwa.

M'badwo wa Sega Mega Drive ena amaupereka kwa Sonic wa mu 1991, koma Mortal Kombat ya mu 1992 ndiyo inakhalitsa pansi akuluakulu. Ku America, aphungu a Senate anakambirana za magazi ake mu December 1993, ndipo chaka chotsatira kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB loika zaka zoyenera pa gemu iliyonse. Kuno Senate yathu inali mayi mmodzi ndi mthiko. Mwana wina, pofuna kukhala Scorpion wa mu gemuyo, anamasula chingwe choyanikira zovala kuti akoke nacho mng'ono wake. Mng'onoyo anathawa. Chimene chinabwera ndi yunifomu ya kwaya ya amayi, kudzera m'matope.

PlayStation yoyamba, ya mu 1994, ndiyo inabala bizinesi ya kachipinda ka malata, benchi imodzi, TV ziwiri ndi fungo la mapazi. Pa m'badwo umenewu, kunja amatchula Final Fantasy VII ndi Super Mario 64. Kuno mfumu inali Winning Eleven ya Konami, ndipo ma CD ambiri anali a Chijapani chokhachokha. Palibe ankawerenga, tinkangoloweza kuti tsika kawiri, dina, tsika kamodzi, dina. Pa shopu iliyonse panali kamnyamata kodzitcha womasulira.

"Iwe, apa akuti chiyani?"

"Akuti uluza."

"Nanga apa?"

"Akuti ukaluza undipatse padi."

Nzeru zaumisiri zinaliponso. CD ikakandika, ankaipaka mankhwala otsukira mano. Makina akakana kuwerenga, ankawagoneka chafufumimba, ndipo nthawi zambiri zinkathekadi. Aliyense ankachotsa Roberto Carlos kumbuyo n'kumuika kutsogolo chifukwa cha liwiro ndi mwendo wake wamanzere, mpaka shopu zina zinaletsa kusankha Brazil pokhapokha mnzako avomere pamaso pa mboni.

Apa ndi pamene saladi anavutika kwambiri. Mwana wina anatumidwa ku kantemba ndi botolo ndi ndalama ya mapini awiri, anyezi ali kale pamoto. Ola linatha. Amayi anamanga chitenje, nalunjika ku shopu, n'kukaima kumbuyo kwake. Benchi yonse inati zii, koma mwanayo sanatembenuke. Mwini shopu ananong'ona:

"Amayi, pepani, mudikireko pang'ono. Ali m'mapenate."

Amayi anapinda manja, nadikira. Mwana anaika mpira, anathamanga, mpira n'kupita kumwamba.

"Ndalama wadya," anatero amayi akumugwira khutu, "ndiye waphonyanso?"

PlayStation 2 ya mu 2000, imene inagulidwa yoposa mamiliyoni 150, inagawa komboni pawiri. Ena ndi a GTA: San Andreas ya mu 2004, ena ndi a PES 6 ya mu 2006, mmene Adriano wa Inter Milan ankamenya mpira ndi mphamvu ya 99 ngakhale ali kutali ndi golo. A GTA ankalemba makodi achinsinsi kumapeto kwa kope la masamu. Mwana amene ankakanika kuchulukitsa 7 ndi 8 ankatchula mabatani khumi ndi awiri motsatana osapuma. Mphunzitsi wina analanda kope lotere, nalibweza Lolemba tsamba lomaliza litang'ambidwa. Loweruka lotsatira mwana wa aphunzitsiwo anafika ku shopu ndi zida zonse ndi kasinja.

Makina amenewa akanabe kufa. Anthu amakonza ma CD a mpira n'kuikamo osewera atsopano, moti Patson Daka, amene anapita ku Leicester City mu 2021, mutha kumupeza pa makina a mu 2000. Dzina ndi lake, nambala ndi yake, koma nkhope ngakhale achibale ake angaidutse pamsewu osapereka moni.

Wii ya mu 2006, yosewera pogwedeza mkono, inakondweretsa dziko lonse. M'chipinda chimodzi cha lendi, ukatambasula mkono wagwetsa poto, ukaubweza wamenya mlamu. Tiipite.

Kuyambira PlayStation 3 mpaka lero, mpira wa FIFA ndiwo walamulira. Chipolopolo itatenga chikho ku Libreville mu February 2012, aliyense womenya penate yomaliza ankayamba walengeza kuti ndi Stoppila Sunzu, ngakhale wasankha Barcelona. Mu January 2013 maziro atatu atachotsedwa pa kwacha, kamwana kena kanathamangira kwa mkulu wake kukauza kuti gemu yatsika kuchoka pa pini kufika pa kwacha imodzi, tsopano azisewera mpaka kukalamba. Eni gemu ya FIFA anaisintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, koma uthengawo sunawoloke Zambezi.

Mdani amene palibe wamugonjetsa ndi kuthima kwa magetsi, makamaka mu 2024 chilala chitatsitsa madzi ku Kariba. Wina akutsogola 4-0, mphindi ya 85, TV n'kuti phi. Woluza amaimirira, n'kutambasula dzanja mwaulemu: "Dro, mudala. Ndinali pafupi kubweza."

Ana a masiku ano apeza chodzikanira chimene ana a ku Lusaka alibe. Nthawi ya chilimwe njovu zimatuluka m'paki ya Mosi-oa-Tunya n'kuyendayenda m'mphepete mwa makomboni, ndipo zimenezo si zoseka. Mnyamata wina anafika kunyumba usiku, maso ali psuu, chala chachikulu chitatupa.

"Amayi, njovu zinatseka njira."

"Pepa mwanangu. Zinali zingati?"

"Zitatu."

"Nanga iwe unagoletsa zingati?"

"Chimodzi chokha, koma refa..."