Asiyeni Agwire Mawaya, Ife Tinangogwira Cholembera

Kwabwera kachitidwe kena komwe kakutichotsa ulemu ife akuluakulu a masatifiketi. Ana akapita pa ulendo wa sukulu sakungoonerera makina ali chapatali ayi, akumapatsidwa pulayazi, mawaya ndi kabatire kuti apange chinthu, kenako awerengere kuti angachigulitse zingati. Ine ndikuti zipitirire, ndipo umboni wanga woyamba ndine ndemwe. Ife maulendo athu anali a manja kumbuyo. Ophunzira a mtundu wathu akafika malo ngati Nkula, komwe madzi a Shire akhala akupukusa magetsi kuyambira 1966, ankalemba m'kope chilichonse chotuluka pakamwa pa wofotokoza, koma chokhala m'mutu chinali nyimbo za m'basi. Zipatso zake ndi izi: tanthauzo la magetsi ndingalilakatule ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku, koma pulagi ya ayironi ikapsa ndimaima pakhomo, manja m'chiuno, kudikira mwana wa aneba aweruke.

Anzanga ena akuti kumeneku n'kutaya nthawi, mwana azikhala pa buku poti mayeso a MSCE sachitira munthu chisoni. Chabwino, koma buku ndi dzanja zinayambana liti? William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Anabwereka ku laibulale buku lotchedwa Using Energy, n'kumatsatira zithunzi poti Chingerezi chinkamuvuta. Anatola fani ya thirakitala, chimango cha njinga, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, n'kuimika makina oyendera mphepo amene anayatsa mababu kwawo. Anthu ankati wapenga. Mu 2007 analankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2014 anamaliza maphunziro ku koleji ya Dartmouth, ndipo ife okhoza mayeso tinali tikadapapasabe machesi mumdima. Mwina munena kuti mnyamatayu sanakwere basi ya sukulu, komanso kuti anthu otere sabadwa tsiku lililonse. N'zoona, ndipo mfundo yanga yagona pomwepo. Iye anachita kudzipezera yekha mulu wa zitsulo zotayidwa, njala ili pakhosi. Kodi mwana wamba naye adikire chilala kuti aloledwe kumasula bawuti? Ngakhale makina a Pumani othandiza makanda kupuma, amene ophunzira a Rice University anapanga mogwirizana ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anayambira pa timapampu topopera mpweya m'madzi owetera nsomba. Munthu woopa kudetsa malaya sangaganize zimenezo.

Za bizinesizi ndiye zautsa mapiri pachigwa. Akuti ana azolowera kukonda ndalama adakali aang'ono, ngati kuti ife okalambafe timadana nazo. Chimene sitinaphunzire ife ndi kuzisiyanitsa. Mwana amene wakhala pansi n'kuwonkhetsa mtengo wa babu, waya, batire ndi thiransipoti amadziwa kuti kanyale kake sangakagulitse motsika kuposa pamenepo, ngakhale wonenerera mtengoyo akhale azakhali ake. Ife a mataye tikagulitsa katundu timaona ndalama zonse za m'thumba ngati phindu, timadya mpamba ndi chiwaya cha tchipisi, mwezi usanathe tikulozera zala anthu a nsanje.

Dandaulo lomwe ndikuligonjera pang'ono ndi la ndalama za ulendo, pakuti kalata yochokera kwa ahedi imadziwa kufika pakati pa mwezi. Komatu ulendowu sukakamiza basi. Wowotcherera zitsulo ali pamsika pomwepa, wokonza njinga za kabaza ali pansi pa mtengo, ndipo wokhoma mbaula ndi ndowa amayeza lata, kudula, kupinda ndi kutchula mtengo kasitomala ataima pomwepo. Ana angapite wapansi, aphunzitsi ali patsogolo. Mantha anga enieni ndi ena, ndipo sindingawanene pa msonkhano wa makolo. Mwana amene wadziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu adzafuna kuona kope la banki nkhonde, n'kufunsa pamaso pa mayi ake kuti ngongole yogulira nkhuku ija inagula nkhuku zingati.